A Nsanamira Sagwetsa

Pa anthu onse amene ankasamutsa katundu wa m'nyumba pa kampani ya malole ija, panalibe amene ankalimbirana ndi a Nsanamira malo a kumunsi. Mwina simukudziwa kuti malo a kumunsi n'chiyani, inu amene posamuka mumangoima pakhonde n'kumaloza ndi chala. Katundu wolemera akamatsika pa masitepe amagwira anthu awiri, wina kumtunda wina kumunsi. Wa kumtunda amangowongolera. Wa kumunsi ndiye amasenza zonse, ndipo amatsika chammbuyo, nkhope itayang'ana katunduyo, phazi likufufuza sitepe imene maso sakuiona. Akaphonya, kabati imamugwera pachifuwa. Malo amenewo a Nsanamira anawatenga ndevu zikungomera kumene, ndipo anafika nawo mpaka imvi.

Dzina la pa chiphaso ankalikumbukira ndi akazi awo okha, iwonso akapsa mtima basi. Ena onse, kuyambira abwana mpaka mayi wogulitsa tiyi pageti, ankangoti a Nsanamira. Anali munthu wamfupi, wotambalala ngati chitseko cha galaja, mutu unangokhala pamapewa, khosi osaoneka. Anayamba ndi matumba a simenti pa sitolo ina ya zomangira, ndipo kumeneko ndi kumene dalaivala wa lole anawaona atasenza thumba paphewa lililonse uku akuimba mluzu, n'kuwauza kuti akwere. Kuchokera tsiku limenelo moyo wawo unali wa malamba, mabulangete akale okulungira magalasi, ndi masitepe a nyumba zosanjikizana zimene chikepe chake chimafa tsiku lomwelo munthu akusamuka. Ankadziwa pamene kabati imakanira pa ngodya, ankadziwa kuti sofa imalowa pakhomo choimirira, kuti firiji saigoneka. Ndipo pa masitepe mawu ankamveka ndi awo okha: "Gwira! Kweza! Tsika nayo! Pumula!" Ankawakoka ngati nyimbo, moti lole ikachoka ana a m'nyumba zimenezo ankatsala akuwayeseza.

"Ine," ankatero akamapukuta thukuta ndi chipewa, "chiyambireni sindinagwetsepo ngakhale kapu." Tsoka lake zinali zoona. Munthu wodzitama zabodza mumangomuseka n'kumusiya, koma wodzitama zoona, abale, amatopetsa. Akazi awo, amene ankasita zovala pa malo ena ochapira m'tauni, anali atamva za kapu imeneyo mpaka makutu kuwawa. Nkhaniyo ikangoyamba iwo ankati, "Eya, tamva. Tasendezani miyendo ndisese."

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene anadzakhala mphunzitsi. Iyeyu anakwatiwa ndi mwamuna wa mu ofesi ya inshulansi, wamtali, woonda, wa magalasi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. A Nsanamira anangomuyang'ana kamodzi n'kumupatsa dzina loti a Bolopeni. Sankamuda ayi, analibe chomudera. Kungoti kwa iwo munthu ankayezedwa ndi zimene angakweze. Tsiku limene ankasamutsira banja latsopanolo m'nyumba ya pamwamba, mkamwiniyo anapinda manja a malaya n'kubwera kudzagwira mbali imodzi ya kabati. A Nsanamira anamuchotsa dzanja bwinobwino, anzawo onse a pa lole akuona, n'kunena kuti, "Iyayi a Bolopeni, mungathyoke. Inu tengani mapilo." Anthu anaseka mpaka kukhala pansi. Mkamwini anamwetulira, anatola mapilo aja n'kukwera nawo. Nkhaniyi a Nsanamira ankaibwereza paliponse pamene pasonkhana achibale, mwini wake ali pomwepo.

Banjalo linadikira mwana nthawi yaitali. Mimba zinkangopita padera, mpaka mwana wa a Nsanamira anafika poleka kukaona makanda a anzake. Ndiye kamtsikana katabadwa n'kukhala ndi moyo, make anakasunga ngati dzira. Katungwe ayi. Kukwera pampando ayi. Bambo wake akafuna kukaponya m'mwamba monga amachitira abambo onse, make ankakuwa kuchokera kukhitchini. Chonsecho kamwanako kanali kosakhazikika, kodumphadumpha, n'chifukwa chake anakatcha Kachiwala. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaloledwa kukakweza pamapewa. "Bambo sagwetsa," ankatero make Kachiwala, ndipo akatero ankatembenuka n'kupitiriza ntchito yake osayang'ananso. Pa zonse zimene a Nsanamira anatamandidwapo, palibe chinawakoma ngati msana wa mwana wawo utatembenuka choncho.

Agogo ndi mdzukulu anali ndi masewera awoawo. Loweruka lililonse Kachiwala ankawachingamira pakhomo manja ali m'mwamba. "Agogo, ndine firiji!" Iwo ankamuzungulira, kumugogoda m'nthiti, kudandaula kuti firiji imeneyi eni ake sanatulutsemo nyama. Kenako, "Gwira! Kweza!" mwana ali kale pakhosi, timanja titagwira makutu a agogo. Ankatsika naye chammbuyo masitepe onse a nyumba ija mpaka pabwalo, iye akukuwa "Pumula!" pa ngodya iliyonse.

Tsono chilipo chimene a Nsanamira sanauze munthu. Kuyambira nyengo ya mvula, mwendo wawo wamanzere unayamba kuwazemba. Zinkayamba ngati nyerere m'ntchafu, zinkatsikira kuphazi, kenako mwendo wonse unkangoti zii ngati wa munthu wina. Pakapita kanthawi unkabwerera. Tsiku lina unawathawa ali kumunsi kwa makina ochapira. Anatsamira khoma n'kukalipira mnzawo wa kumtunda kuti akukankha, ndipo munthuyo anapepesa mlandu umene sanapalamule. Akazi awo okha ndi amene anawapeza m'bafa akudzitsina pakatumba, nkhope ili gwa.

"Pitani kuchipatala, bambo inu."

"N'kutopa chabe."

"Ndiye muuzeni mwana wanu, adziwe."

"Mukamuuza mwandipha. Mukumudziwa mmene alili. Sadzandipatsanso mwana uja."

Mayiwo anawayang'ana, anatola thaulo limene linagwa pansi, n'kutuluka.

Za kukayenda kuphiri anayambitsa ndi mkamwini. Anati kunja kwa tauni kuli nkhalango yokhala ndi kanjira kakafupi, kokwera pang'ono n'kutsikira ku timathithi, koti ngakhale mwana amakatha. A Nsanamira anaseka chikhakhali. Kuyenda chimanjamanja, kopanda kumene ukupita, n'kumati ndayenda! Koma Kachiwala anali atauzidwa kale kuti kuli anyani, ndiye Lamlungu m'mawa banja lonse linatsika basi pageti la nkhalango.

Pagetipo panali chikwangwani chojambulidwa njira. Mkamwini anaima n'kumalondola ndi chala, magalasi ali pamphuno.

"A Bolopeni," anatero a Nsanamira, "njira sawerenga, amaponda."

Anasonkhanitsa zikwama zonse, cha buledi ndi mazira owiritsa, cha mabotolo a madzi, fulasiki ya tiyi ndi bulangete loyala pansi, n'kuzimanga pamodzi ndi lamba wa kuntchito amene ankayenda naye kulikonse, ngakhale ku ukwati.

"Mpatseniko chimodzi mkamwini wanuyu," anatero akazi awo.

"Mapilo sitinatenge."

Mkamwini anamwetulira kumwetulira kwake kuja, n'kugwira dzanja la Kachiwala.

Nkhalangoyo inali yokongola, zimenezo ngakhale a Nsanamira sakanatsutsa. Mitengo ya paini inali italiitali moti kuti uone nsonga unkachita kugwira chipewa. Pansi panali pofewa ndi masamba ouma, mpweya ukununkhira utomoni, kamphepo kozizira kakulowa m'malaya. Mizu inkapingasa njira. Kachiwala ankatola tizipatso touma ta paini n'kumatilonga m'matumba a jekete ya agogo, make ali pambuyo, "Usathamange! Ugwa! Siya zimenezo, muli tizirombo!" Anyani sanawaone. Anangomva kuswaswata m'nthambi, ndipo Kachiwala analumbira kuti waona mchira.

Chakumtunda pang'ono, pamene njira inayamba kuimirira, nyerere zija zinadzuka m'ntchafu. A Nsanamira anagwada ngati akumanga nsapato. Ena anapitirira, koma akazi awo anatsalira dala.

"Wayamba?"

"Tiyeni, muzipita."

"Bambo inu, lero musamunyamule mwana uja. Ndapota nanu."

"Ndati muzipita."

Anakhala chigwadire, akumasula ndi kumanganso chingwe chomwecho, mpaka mwendo unabwerera. Ataimirira anaupondetsa mwamphamvu ngati akuulanga.

Pamwamba panali benchi ndi kamalo koyera koonera kutali, tauni ikuoneka ngati timabokosi. Anayala bulangete n'kudya. Mwendo unali bwinobwino, ndipo a Nsanamira mtima unakhala m'malo, pakamwa n'kutseguka. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pabenchi panali bambo ndi mayi ena achikulire, alendo osawadziwa n'komwe, koma tiyi asanazizire anali atamva kale za kapu, za piyano imene inatsika pa nyumba yosanja kwambiri m'tauni osakandika, ndiponso, inde, za mapilo. Alendowo anaseka mwaulemu. Make Kachiwala anati, "Bambo, yakwana nkhani imeneyo," koma nayenso ankaseka.

Njira yotsikira ku mathithi inali mbali ina ya phiri. Kumeneko anakonzako masitepe a zipika zokhomedwa m'dothi, otsetsereka ndithu, mbali imodzi kuli mitengo yogwirira, kumunsi madzi akusokosa. Kachiwala atangowaona maso anati tong'o.

"Agogo! Masitepe! Ndine firiji!"

Akazi awo a Nsanamira anatsegula pakamwa. A Nsanamira anawayang'ana ndi diso limodzi, pakamwa paja n'kutsekeka. Anamasula zikwama n'kuwapatsira mayiwo. Mkamwini anayang'ana masitepe, anayang'ana mkazi wake, n'kunena chapansipansi kuti mwina mwana angoyenda yekha atamugwira dzanja.

"Iii, inunso," anatero make Kachiwala. "Bambo sagwetsa." Ndipo anatembenuka kuti agwire amayi ake dzanja.

Munthu wina aliyense akanatsika choyang'ana kutsogolo, dzanja lili pa mtengo wogwirira. Koma a Nsanamira anali asanatsikepo masitepe ndi katundu choyang'ana kutsogolo, ndipo firiji ikanakwiya. Anatembenuka, nkhope kumtunda, manja onse awiri atagwira timiyendo ta mwana. "Gwira! Kweza! Tsika nayo!" Phazi linapeza chipika choyamba, linapeza chachiwiri. Kachiwala ankaseka, akuwakoka makutu. Mkamwini ankatsatira pafupi kwambiri, moti ankapenyana maso ndi maso.

Pakatikati, nyerere zinabwerera.

Apa ndiye pamene pamawawa, ndipo a Nsanamira sadzapaiwala mpaka kumanda. Mwendo wawo ankaudziwa. Kuchokera pa nyerere kufika pa zii pankakhala kampata, kochepa inde, koma kokwana kunena kuti, "Tamulandirani mwanayu." Nthawi inalipo. Ngakhale mawuwo sanafunikire kuwafunafuna, chifukwa mkamwini anaona nkhope yawo itasintha n'kutambasula manja.

"Bambo, ndimulandire?"

A Nsanamira anayang'ana manja aja, oonda, oyera m'zikhatho, manja a mapilo. Kumtunda kwake anaona alendo aja a pabenchi akuyamba kutsika.

"Mungathyoke," anatero. Ndipo anakweza mawu, "Tsika nayo!"

Phazi linapita kukafufuza chipika, koma silinabweretse uthenga uliwonse. Kaya linaponda kaya silinaponde, iwo sanamve. Anangoona nsonga za mitengo zikutembenuka, manja awo, manja amene anali asanatayepo kanthu, akutseguka okha. Mkamwini analumpha n'kugwira diresi ya mwana m'malere, koma kankhope kanali katamenya kale pa mtengo wogwirira. A Nsanamira anakunkhunika masitepe otsalawo n'kukagwa chagada m'matope a m'mphepete mwa madzi, tizipatso ta paini titamwazika paliponse.

Kunali zii. Kenako mwana analira, ndipo make anakuwa kukuwa kumene a Nsanamira anakumvapo kale, pa khonde la chipatala, zaka zija mimba zinkapita padera.

Anayesa kudzuka, bondo linakana. Anangodzutsa mutu. Kumtunda anaona magazi atadzaza theka la nkhope ya Kachiwala, akutsikira pa diresi yachikasu. Mkamwini anali atakhala pa chipika, mwana ali pamiyendo, akupanikiza mpango pachipumi. Magalasi ake anali atagwa, koma mawu ake anali omwe aja ofatsa.

"Diso lili bwino. Taona, lili bwino. Wang'ambika pa nsidze basi. Akamusoka."

Magazi atayamba kuleka anatsika onse kumene kunali a Nsanamira. Alendo aja anadutsa akupepesa, maso ali kumbali. Ndipo mkamwini, munthu amene anamuseketsa kwa alendo tiyi ali m'manja, ndi amene anawatsegulira khomo lothawira.

"Zipikazi n'zoterera, Bambo. Ndere yokhayokha. Ngakhale ine ndinatsala pang'ono."

"Anthu opanda nzeru!" anatero make Kachiwala, mwana atamukumbatira. "Kulemba pachikwangwani kuti ana angathe, masitepe ali chonchi! Andimva pageti. Ngati mpaka Bambo agwa, nanga wina?"

Khomo linali pululu. Ndipo a Nsanamira, kalanga ine, analowa.

"Eya," anatero, maso ali pa madzi. "N'zoterera."

"Ayi."

Anali akazi awo. Anali atatula zikwama n'kukhala pamwala, manja ali pamiyendo.

"Ayi, bambo inu. Ine ndakhala chete mokwanira, ndipo magazi awa ali pa ine ndi inu. Nenani nokha, eni mwendo."

Make Kachiwala anayang'ana amayi ake, kenako bambo ake. "Mwendo watani?"

Anthu inu, munthu wamkulu, wa imvi, atagona m'matope, kuyankha mafunso a mwana amene anamubereka! Mawu ankatuluka ngati akuwazula. Ananena za nyerere, za zii, za makina ochapira aja.

"Kuyambira liti?"

"Nthawi ya mvula."

"Nthawi ya mvula," anabwereza mwana wawo. Sanakuwe ayi, bola akanakuwa. "Ndiye Loweruka lililonse, pa masitepe a kwathu aja, a simenti aja, munkatsika ndi mwana wanga mukudziwa? Ine ndili kukhitchini, mtima uli m'malo?"

A Nsanamira anabwezera maso pa madzi.

"Nanga lero, munaumva usanakuthaweni?"

Apa mkamwini anati, "Tiyeni tithamangire kuchipatala, zina tikakambe kunyumba." Koma a Nsanamira anagwedeza mutu kuvomera kuti anaumva, chifukwa bodza lachiwiri linawakanika.

Make Kachiwala anakonza mpango pachipumi cha mwana, anamunyamula bwino, n'kutembenuka kulowera njira ya kugeti. Unali msana womwe uja umene unkawakoma pakhomo. Anauyang'ana mpaka unabisika ndi mitengo. Akazi awo anatola zikwama n'kutsatira.

Anatsala awiri. Mkamwini anapeza magalasi ake, galasi limodzi litasweka, anawaika m'thumba. Kenako anabwera n'kugwada patsogolo pawo, msana atawalozetsa.

"Kwerani, Bambo."

"Ndiyenda."

Anayesa. Bondo linali litatupa ngati mpira, ndipo anakhalanso pansi mwamsanga kuposa mmene anadzukira. Anati adikire anthu a pageti abwere ndi machira. Mkamwini anati mitambo yayamba kuda, ndipo iye akufuna akafike kuchipatala mwana wake asanasokedwe. A Nsanamira, amene anakweza theka la katundu wa m'tauni, anakoleka manja m'khosi mwa a Bolopeni n'kuberekedwa ngati khanda.

Munthuyo anadzandira poimirira. Mafupa a msana wake ankawabaya pachifuwa.

"Pindani mawondo, osati msana," anatero a Nsanamira, zitangotuluka zokha.

"Ndikudziwa, Bambo. Ndakhala ndikumva mukuwauza anzanu."

Anayamba ulendo. Njira yochokera ku mathithi kubwerera kugeti inali yosatalika, ya ana, monga chinanenera chikwangwani, koma a Nsanamira sanayendepo njira yaitali ngati imeneyo. Ankamva mtima wa mkamwini ukugunda kupyola m'malaya, mpweya ukulira m'khosi, thukuta likunyowetsa onse awiri. Pa ngodya iliyonse munthuyo ankawatsamiritsa pa mtengo, kupuma, n'kugwadanso. Sanadandaule. Anakumana ndi atsikana ovala zothamangira amene anapatuka n'kunena kuti, "Pepani agogo, pepani." Anakumana ndi bambo wina atanyamula mwana wake pamapewa, ndipo mwanayo analoza n'kufunsa mokweza kuti bwanji agogo awo akuberekedwa. A Nsanamira anabisa nkhope paphewa la mkamwini, manyazi akuwaotcha mpaka m'makutu.

Ankadikira. Ankati tsopano mkamwini anena za mapilo, apa ndiye pake, ndipo ankafuna ndithu kuti anene, awalase, mwina mtima ungapepukeko. Koma munthuyo anangofunsa ngati bondo likupweteka kwambiri akamaponda pa mizu. Atayandikira geti, miyendo yake ikunjenjemera moonekeratu, a Nsanamira anati, "Mwana wanga, pumula." Linali tsiku loyamba kumuitana choncho, ndipo onse awiri anachita ngati sanamve.

Bondo linapola. Za mwendo madokotala anati ndi mtsempha wa kumsana umene unapanikizika ndi zaka za katundu, ndipo anawafunsa chifukwa chimene anachedwera. Kuntchito anawapatsa mpando pakhomo la nyumba yosungira katundu, kuti aziuza ena poika zinthu. Malo a kumunsi anatenga mnzawo uja anamukalipira, ndipo a Nsanamira anamuitanira pambali n'kumupepesa, iye osakumbukira n'komwe za makina ochapirawo. Za kapu sanazitchulenso. Akazi awo ankasesa m'nyumba muli chete, mpaka tsiku lina anati bola kapu ija.

Make Kachiwala sanabwere kudzawaona, ndipo iwo sanapite kunyumba kwake. Mkamwini yekha ndiye ankadzera madzulo akaweruka, kubweretsa mankhwala ndi kunena kuti mwana amuchotsa ulusi, mwana wayambanso kudumpha. Loweruka likafika a Nsanamira ankakhala pampando wawo wa pawindo, ndodo ili pambali, n'kumakonza mawu. Ankadziwa kuti tsiku lina mwana uja adzalowa manja ali m'mwamba, ndipo iwo adzayenera kumukana, make akumva. Ankayeseza chamumtima. Adzati firiji imeneyi yakula, yawapitirira msinkhu. Adzanena moseka kuti mwana asalire. Ankafuna mwana wawo adzaone kuti aphunzira.

Loweruka lina anamva timapazi pa masitepe okwerera kunyumba kwawo. Chitseko chinatseguka, analowa mkamwini, kenako make Kachiwala, amene anawapatsa moni waulemu wonse, wa mlendo. Kachiwala analowa pomalizira. Pa nsidze yakumanja panali kachipsera kopingasa pamene tsitsi silinamerenso.

A Nsanamira anakonza kukhosi, mawu awo ali okonzeka. Koma manja aja sanakwere m'mwamba. Mwana anaima pafupi ndi siketi ya make, chala chili pa chipsera, akuwayang'anitsitsa.

"Bwera kuno, Kachiwala. Sundipatsa moni?"

Anasendera pang'ono n'kuima pamene dzanja lawo silikanafika.

"Agogo, inu mumagwetsa."

Sananene mokwiya. Anangonena monga mwana amanenera kuti moto umaotcha. M'chipindamo palibe anamudzudzula. Akazi awo anayang'ana pansi, make Kachiwala anayang'ana pawindo, ndipo a Nsanamira anazindikira kuti onse akudikira iwo.

"Eya," anatero. "Ndimagwetsa."

Mwana anakhutira ndi yankholo. Anazungulira m'nyumba, anasuzumira m'kabati ya agogo aakazi, anadya bisiketi. Kenako anapita kwa bambo wake n'kukweza manja.

"Adadi, ndine firiji."

Mkamwini anayang'ana mkazi wake. Make Kachiwala anagwedeza mutu pang'ono kuvomera, koma sanatembenuke, maso anali pomwepo. Munthuyo anapinda mawondo, osati msana, n'kukweza mwana pamapewa. Anaima pakati pa chipinda osadziwa chochita.

"Simunanene!" anakuwa Kachiwala, akumukoka makutu. "Adadi sadziwa kunena. Agogo, nenani inu."

A Nsanamira anagwira ndodo yawo ndi manja onse awiri. Mawu amene ankamveka nyumba yosanja yonse anatuluka aang'ono, osasa.

"Gwira," anatero ali pampando. "Kweza. Koma mutsike choyang'ana kutsogolo, mwana wanga, dzanja limodzi lili pakhoma."